Viza ya ku Saudi Arabia: khomo latseguka, koma dziwani khomo lomwe mukulowera

Amene muli m'magulu a WhatsApp a m'tauni muno mukuziona tsiku ndi tsiku. Uyu akutsatsa ulendo wa Umrah wotchipa, uyo akuti ntchito zapezeka ku Saudi, pogona ndi chakudya zaulere, viza akonza yekha, inu mungotumiza chithunzi cha pasipoti ndi kandalama koyambira. Pa TikTok nako Riyadh ikuwala usiku ngati masana, Cristiano Ronaldo akumwetsa zigoli ku Al Nassr, ndipo mu December 2024 FIFA inapereka World Cup ya 2034 kwa dzikoli. Mnyamata amene wakhala zaka ziwiri akuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa akaona zonsezi mtima umadumpha, ndipo ine sindingamudzudzule.

Chimene ndikufuna tikambirane ndi mawu amodzi awa, viza. Ambirife timawatenga ngati chidindo chimodzi chokulowetsa m'dziko basi. Ku Saudi Arabia mtundu wa viza ndi umene umanena komwe ungaponde, chomwe ungachite, ndiponso amene angakuthandize zinthu zikavuta.

Anatsegulira ndani?

Mpaka 2019, munthu wakunja ankalowa m'dzikoli ngati wapaulendo wa Hajj kapena Umrah, wantchito, wabizinesi, kapena woitanidwa ndi abale. Mu September chaka chimenecho boma linayambitsa viza ya alendo oona malo, yofunsira pa intaneti, kwa nzika za maiko 49. Cholinga sichobisika: pulani yawo ya Vision 2030, yomwe akutsogolera ndi Mohammed bin Salman, ikufuna chuma chisamadalire mafuta okha. Viza imeneyi imagwira ntchito chaka chimodzi, umalowa kangapo, ndipo umaloledwa kukhala mpaka masiku 90.

Mndandanda wa maikowo unakula. Mu 2023 anaonjezerapo South Africa, Mauritius ndi Seychelles. Malawi palibe. Ndiye mwini pasipoti yathu ino sangangokhala pa foni n'kulandira viza ngati mmene amachitira wa ku London. Mpata wa pa intaneti umatseguka kwa amene ali ndi viza ya alendo kapena ya bizinesi ya America, Britain kapena Schengen yomwe sinathe ndipo anaigwiritsapo kale ntchito, komanso kwa amene ali ndi chilolezo chokhala m'maiko a Gulf monga Qatar ndi UAE. Enafe timadzera njira ya kazembe: pasipoti yotsala ndi miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, tikiti yobwerera, umboni wa kogona, sitetimenti ya ku banki, kalata ya kuntchito ndi inshuwalansi ya zaumoyo.

Apa ndi pamene ma agent amapezera mpata. Njira ikakhala yaitali, wolonjeza yachidule amakhala ndi makasitomala. Ena ndi achilungamo ndithu, koma ena amakugulitsa viza yomwe yawavuta pang'ono kupeza, osati yomwe ikugwirizana ndi ulendo wako.

Hajj ili ndi khomo lakelake

Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'Malawi ndi Asilamu, choncho nkhani ya Makkah ndi nkhani ya m'makomo mwathu. Pali kusiyana kumene aliyense wotumiza makolo ake ayenera kukudziwa. Umrah itha kuchitika pafupifupi nthawi iliyonse pachaka, ndipo Msilamu amene ali ndi viza ya alendo amaloledwa kuichita atasungitsa malo pa Nusuk, pulogalamu ya boma la Saudi. Hajj ayi. Imachitika masiku ochepa a mwezi wa Dhul Hijjah, imafuna viza ndi chilolezo chakechake, ndipo dziko lililonse limapatsidwa malo owerengeka, pafupifupi munthu mmodzi pa Asilamu 1,000 alionse.

Malo akachepa ndipo mtengo ukakwera, anthu amayesa kuzemba: kulowa msanga ndi viza ya alendo, kubisala mu mzinda, n'kulowerera m'khamu nthawi ikakwana. Zotsatira zake tinaziona mu June 2024. Kutentha ku Makkah kunafika madigiri 51.8, ndipo nduna ya zaumoyo ya Saudi inalengeza kuti anthu 1,301 anamwalira, 83 mwa 100 alionse anali opanda chilolezo. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Wopanda chilolezo alibe tenti yoziziritsa ku Mina ndi ku Arafat, alibe basi, amayenda wapansi mitunda yaitali padzuwa, ndipo akadwala amaopa kupita kwa akuluakulu poopa kugwidwa. Ambiri anali okalamba. Egypt inalanda ziphaso makampani 16 a zaulendo chifukwa cha nkhani yomweyi.

Chaka chotsatira malamulo anakhwima. Wopezeka akuchita Hajj popanda chilolezo amalipira mpaka 20,000 riyal, womuthandiza mpaka 100,000 riyal, ndipo mlendo amathamangitsidwa n'kuletsedwa kubwerera kwa zaka 10. Riyal inamangiriridwa ku dola pa 3.75, ndiye chindapusa choyambacho chikuposa madola 5,000. Muwerengere nokha mu kwacha ya lero, yomwe mu November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Munthu akakuuzani kuti agogo apita ku Hajj pa mtengo wotsika modabwitsa, mufunseni funso limodzi: viza yake yalembedwa chiyani? Akayamba kuzungulira, bwezani ndalama m'thumba.

Pali zakuchipatalanso. Wopita ku Hajj kapena Umrah amafunika katemera wa meninjaitisi wa mtundu wa ACWY, wobayidwa masiku osachepera 10 asanafike. Saudi imafunsanso katemera wa poliyo kwa ochokera kumene matendawa apezeka, ndipo tikukumbuka kuti mu February 2022 poliyo inapezeka ku Lilongwe. Ndege zathu zambiri zimadzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, mizinda ya m'maiko omwe ali pa mndandanda wa yellow fever, ndiye ngati mudikira ndege maola opitirira 12 kumeneko, kadi yachikasu ija ikhale m'chikwama cham'manja.

Viza ya ntchito ndi pamene pagona nkhani

Kwa ife achinyamata chokopa chachikulu si Umrah kapena kuona AlUla, ndi ntchito. Lamulo lake n'lomveka: kugwira ntchito ndi viza ya alendo ndi mlandu. Viza ya ntchito imayambira kwa bwana wa ku Saudi, pamakhala kontilakiti, umayezedwa kuchipatala chomwe iwo anavomereza, kuphatikizapo HIV, ndipo ukafika amakupangira chiphaso chokhalira m'dziko chotchedwa iqama. Agent wonena kuti ingolowani kaye ngati mlendo, zina tikakonzera komweko, akukutumizani kuti mukakhale munthu wopanda mapepala masiku a viza akangotha.

Ngakhale ndi mapepala olondola, pali dongosolo la kafala, lomwe limamangirira kukhala kwako m'dzikomo kwa bwana amene anakuitana. Mu March 2021 boma linafewetsa zina, kulola antchito ambiri kusintha ntchito ndi kutuluka m'dziko popanda siginecha ya bwana. Koma antchito apakhomo, madalaivala a m'mabanja ndi ogwira m'minda sanaphatikizidwe pa kusinthako, ndipo zimenezi ndi ntchito zomwe zimatsatsidwa kwambiri kuno. Ukachoka pakhomo chifukwa sakukulipira kapena akukuzunza, bwana atha kukakunenera kuti wathawa, iwo amati huroob, ndipo kuyambira pamenepo wofunidwa ndi apolisi ndi iweyo. Malamulo awo amaletsa bwana kusunga pasipoti ya wantchito, koma mabungwe monga Amnesty International ndi Human Rights Watch akhala akulemba kuti zimachitikabe kwambiri.

Anzathu a ku Kenya anatitsogolera pa njirayi. Mu 2025 nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti antchito a ku Kenya osachepera 274, ambiri mwa iwo amayi, anamwalira ku Saudi Arabia m'zaka zisanu. Ifenso tinalawako pafupi pomwepo, ku Oman. Mu 2024 BBC Africa Eye inaonetsa nkhani ya amayi a Chimalawi oposa 50 amene anakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino, ena akuganiza kuti akupita ku Dubai, n'kukapezeka atsekeredwa m'makomo a anthu. Anapulumuka chifukwa cha gulu la WhatsApp lomwe linayambitsidwa ndi Mmalawi wokhala ku America, ndipo boma linachita kulipira ndalama kuti abwerere. Tili ndi lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu la 2015, koma lamulo la Malawi silingatsegule geti ya nyumba ya ku Muscat kapena ku Jeddah. Limagwira ntchito munthu asanakwere ndege.

Sindikunena kuti aliyense wopita amazunzika. Alipo akutumiza ndalama kumudzi, akumanga nyumba. Koma amene zikuwayendera nthawi zambiri ananyamuka ndi kontilakiti yomwe anaiwerenga, dzina la kampani lomwe analifufuza, ndi viza yolembedwa ntchito. Musananyamuke pitani ku ofesi ya zantchito mukafunse ngati agent wanuyo akudziwika. Jambulani pasipoti, viza ndi kontilakiti, musiyire m'bale wodalirika. Antchito apakhomo amalembedwa kudzera pa Musaned, njira ya boma la Saudi, ndiye funsani ngati kontilakiti yanu ili mmenemo.

Zasintha, koma osati zonse

Apa m'pamene mavidiyo amatipusitsa. N'zoona kuti dzikoli lasintha mofulumira. Apolisi achipembedzo analandidwa mphamvu yomanga anthu mu 2016. Mu 2018 amayi anayamba kuyendetsa galimoto ndipo nyumba zoonetsera mafilimu zinatsegulidwanso. Mayi wakunja sakakamizidwa kuvala abaya kapena mpango, bola chovala chikhale chosathina, chobisa mapewa ndi mawondo. Amuna nawo osayenda chifuwa pamtunda. Malamulo a khalidwe pagulu a 2019 ali ndi milandu 19 ya chindapusa, monga kujambula munthu popanda chilolezo chake, kudumpha mzere, ndi kuimba nyimbo mokweza nthawi ya swala. M'mwezi wa Ramadan musadye, kumwa kapena kusuta pagulu masana. Sabata yawo ya ntchito imayamba Lamulungu, Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku opuma.

Zina sizinasunthe. Amene si Msilamu saloledwa kulowa mu Makkah, ndipo pamsewu pali zikwangwani zoonetsa popatukira. Mkhristu atha kukhala ndi Baibulo lake lowerenga yekha, koma kulalikira kapena kugawa timapepala ndi mlandu, ndipo m'dzikomo mulibe tchalitchi chovomerezeka. Mowa ndi nyama ya nkhumba musanyamule. Kugonana kunja kwa banja komanso kwa amuna kapena akazi okhaokha ndi milandu.

Za mankhwala ozunguza bongo ndiye musaseweretse n'komwe. Kuzembetsa chamba kapena mapilisi oletsedwa chilango chake chimafika pa imfa. Atapumira kwakanthawi, anayambanso kupha olakwa pa milandu yotere mu November 2022, ndipo Amnesty International inawerenga anthu osachepera 345 ophedwa mu 2024 pa milandu yosiyanasiyana, ambiri a milandu ya mankhwala anali akunja. Tili ndi chizolowezi chopatsirana katundu pa bwalo la ndege, "mukandiperekereko kwa achimwene". Pa ulendo uwu kanani, ngakhale akunyozeni. Mankhwala anu akuchipatala, makamaka amphamvu ngati tramadol ndi codeine, akhale m'paketi yake ndi kalata ya dokotala.

Pomaliza, foni. Kuno tinazolowera kutukwana boma pa Facebook m'mawa, masana n'kumaseka ma meme. Salma al-Shehab, mayi wa ku Saudi amene ankachita maphunziro a PhD ku Leeds, anamangidwa atapita kwawo kutchuthi, ndipo mu 2022 anagamulidwa zaka 34 chifukwa cha zomwe analemba ndi kugawa pa Twitter. Chilangocho chinachepetsedwa pambuyo pake ndipo anatuluka mu 2025, atakhala zaka zinayi m'ndende. Ngati anachita zimenezo kwa nzika yawo yomwe dziko lonse linkaiyankhulira, Mmalawi wopanda womudziwa asayese dala. Za banja lachifumu, chipembedzo ndi ndale za chigawocho, sungani mumtima mpaka mutabwerera.

Mmene ndikuonera ine, Saudi Arabia ikufuna alendo ndi ndalama zawo, ikufunanso manja otchipa omangira mabwalo a 2034 ndi Expo 2030 ya ku Riyadh. Zotsatsa zichuluka, osati kuchepa, ndipo zambiri zilunjika maiko ngati lathu kumene achinyamata ali pa ulova ndipo dola ikusowa. Boma lathu likuyenera kuika poyera mndandanda wa ma agent ovomerezeka ndi kuuza anthu ofesi yomwe angaimbire akavutika ku Gulf. Podikira zimenezo, ntchito ili kwa ife: viza ikafika pa foni, werengani mzere wonena mtundu wake ndi masiku ake musanagule chikwama. Ngati mzerewo ukusiyana ndi zomwe munalonjezedwa, ulendowo usiyeni, ngakhale mutaluza ndalama yoyambira ija.