Chitsime ndi mtsinje zimatunga mu mtsuko umodzi

Inu amene mumalima mbatatesi ku Tsangano kapena fodya ku Furancungo, takumbukani mwezi wa Okutobala. Mvula inaleka kalekale, koma kamtsinje ka kudimba kwanu kakuyendabe. Madziwo akuchokera kuti?

Akuchokera pansi pa nthaka. Mvula ikagwa, madzi ena amathamangira kumtsinje. Ena amalowa pansi n'kukhala m'dothi ndi m'ming'alu ya miyala. M'chilimwe amatuluka pang'onopang'ono m'madambo ndi pa akasupe, n'kumadyetsa mtsinje. N'chifukwa chake munthu akaika pampu ya injini m'mbali mwa mtsinje n'kumapopa tsiku lonse, madzi apansi amatsika. Chitsime cha mnansi wake chimayamba kuphwa. Anthu akumunsi amapeza mchenga wokhawokha, ndipo mlandu umafika kwa mfumu.

Madzi apansi saoneka ndi maso. Choncho akatswiri amawawerengera pa kompyuta. Pulogalamu imodzi yotchuka ndi MODFLOW, imene bungwe la USGS la ku America linatulutsa mu 1984. Akatswiriwo amagawa dera m'tizigawo ngati ndime za m'munda. Pa kachigawo kalikonse amalemba kuchuluka kwa mvula, mtundu wa dothi ndi kutalika kwa pamene madzi ali. Kenaka amafunsa kompyuta kuti, "Tikakumba mijigo ina pano, mtsinje uuma mwezi uti?"

Chida chimenechi n'chabwino, koma sichilosera. Chimangodziwa zimene anthu achiuza. Chitsime chimene palibe anachiyeza, kwa kompyuta kulibe. Apa m'pamene ife tikudera nkhawa, chifukwa midzi yakutali ndi msewu ndi imene imaiwalika msanga.

Lamulo la madzi la Mozambique, nambala 16/91 la chaka cha 1991, limalola aliyense kutunga madzi a pakhomo, kumwetsa ziweto ndi kuthirira kadimba ndi manja popanda chilolezo. Wopopa ndi injini ndiye ayenera kupempha chilolezo ku bungwe loyang'anira madzi, ARA-Centro. Kuti bungwelo ligawe madzi mwachilungamo, liyenera kudziwa mmene zitsime zanu zimakwerera ndi kutsika.

Inu mwaphunzira kulemba manambala. Tengani chingwe, mumangirire kamwala kumapeto. Kamodzi pa mwezi, m'mamawa anthu asanayambe kutunga, tsitsani chingwecho mpaka kamwala kakhudze madzi. Yezani mamita kuchokera pakamwa pa chitsime. Lembani tsiku ndi nambala m'kope. Lembaninso tsiku limene mtsinje wasiya kuyenda ndi tsiku limene wayambanso. Kopelo lizisungidwa ndi komiti ya madzi ya m'mudzi.

Akatswiri akadzabwera ndi mapu okongola, alandireni bwino. Kenaka afunseni mwaulemu kuti, "Kodi m'mudzi muno munayeza zitsime zingati, ndipo munayeza mwezi uti?" Akayankha, tsegulani kope lanu muyerekeze.