Anamfedwa akakhululuka, boma lisagone

Madzulo a Lachitatu pa 17 June 2015, mnyamata wachizungu wa zaka 21 adalowa m'tchalitchi cha Emanuel mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina ku America. Adapeza Akhristu achikuda ali pa phunziro la Baibulo. Iwo adamulandira monga mpingo uliwonse umachitira ndi mlendo, n'kumupatsa pokhala.

Mnyamatayo, Dylann Roof, adakhala nawo pafupifupi ola lathunthu. Kenako adasolola mfuti n'kupha anthu 9, kuphatikizapo mbusa wawo, Clementa Pinckney, ndi gogo wina wa zaka 87. Mlandu wawo udali khungu lakuda basi.

Nkhaniyitu si yakutali monga ikumvekera. Tchalitchicho ndi cha mpingo wa African Methodist Episcopal, womwe udathandiza Kamuzu Banda kukaphunzira ku America mu 1925. Komanso pa chithunzi china, Roof adavala jekete yosokedwapo mbendera za Rhodesia ndi South Africa wa nthawi ya tsankho, maiko omwe makolo ambiri a kuno adalawako nkhanza m'migodi ndi m'mafamu.

Patangotha masiku awiri, ena mwa anamfedwa adaimirira m'khoti n'kumuuza Roof kuti amukhululukira. Dziko lonse lidagwira pakamwa. Nyuzipepala zidawatama, andale adawayamikira, ndipo Pulezidenti Barack Obama adachita kuyambitsa nyimbo pa mwambo wa maliro a mbusayo.

Palibe anganyoze mtima wotere. Koma funso n'lakuti: pamene anamfedwa adachita mbali yawo, nanga akuluakulu a boma adachita chiyani?

Chooneka chidalipo. Pa 10 July chaka chomwecho, mbendera ya Confederate, yomwe imakumbutsa nthawi ya ukapolo, idatsitsidwa pa bwalo la nyumba ya malamulo ya chigawocho. Roof naye adagamulidwa kuti aphedwe mu January 2017.

Koma mbendera siidaombere munthu. Bungwe la FBI lidavomera lokha kuti Roof samayenera kugulitsidwa mfuti chifukwa adali atagwidwapo ndi mankhwala ozunguza bongo. Kafukufuku wa mbiri yake adasokonekera, ndipo lamulo limalola wogulitsa kupereka mfuti masiku atatu akadutsa popanda yankho. Mu 2021 boma lidavomera kupepesa mabanjawo ndi ndalama zokwana 88 miliyoni dollars, chikhalirecho mpata wa m'lamulowo aphungu a dziko lonse adali asadautseke. Pofika mu 2025, patatha zaka 10, South Carolina idali idakalibe lamulo lakelake lokhwimitsa chilango pa milandu ya chidani cha mtundu.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu October 2018, munthu wina wodana ndi Ayuda adapha anthu 11 m'sunagoge ku Pittsburgh, m'dziko lomwelo.

Ena amati lamulo silingasinthe mtima wa munthu. N'zoona. Koma lamulo likhoza kuchotsa mfuti m'manja mwa munthu wa mtima woipayo. Ku New Zealand, mzungu wina atapha Asilamu 51 m'mizikiti iwiri ya ku Christchurch pa 15 March 2019, mwezi sudathe aphungu asadaletse mfuti zamphamvu zangati za asilikali. Aphungu 119 adavomera, mmodzi yekha ndiye adakana. Nakonso misozi idagwa, nakonso ena adakhululuka, koma boma silidabisale kumbuyo kwa chikhululukocho.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuyamikira wokhululuka n'kosavuta chifukwa sikufuna kuti woyamikirayo asinthe kanthu. Ndipo kumasenzetsa mtolo wina anamfedwa aja amene mitima yawo idakana kukhululuka msanga, ngati kuti mkwiyo wawo ndi tchimo.

Pa maliro a m'mudzi, anamfedwa ntchito yawo ndi kulira. Okumba manda ndi adzukulu, otema nkhuni ndi kuphika ndi ena, ndipo mfumu ndiyo imafunsa chadya munthu kuti chisadyenso wina. Mudzi umene ungasiyire ofedwa ntchito zonsezi, iwo n'kumangoombera m'manja kulimba mtima kwawo, ndi mudzi wochititsa manyazi.

Akhristu a ku Emanuel adatsegulanso zitseko zawo Lamulungu lotsatira, patangotha masiku anayi. Ngongole yotsala si yawo, ndi ya opanga malamulo.