Fani ya rediyeta ikonzedwe bwino fodya asanakwere galimoto

Msika wa fodya ukatsegulidwa, galimoto zonyamula mabelo zimatha maola ambiri pamzere ku Chinkhoma, m'boma la Kasungu. Pamzere potere ndi pomwe injini zimakonda kuwira, ndipo kawirikawiri cholakwa chimakhala fani ya rediyeta.

Galimoto ikamathamanga mumsewu wa M1, mphepo imalowa yokha mu rediyeta n'kuziziritsa madzi. Ikaima injini ikulira, kapena ikamakwawa ndi katundu m'misewu ya kumaesiteti, ntchito yonseyo imatsalira fani. Pa galimoto zazing'ono monga Probox, fani imayendera magetsi: madzi akatentha kupitirira madigiri 90, sensa imachititsa rileyi kuyatsa mota. Pa malole ambiri, fani imazunguzidwa ndi lamba wa injini kudzera pa kilachi yake.

Fani yamagetsi ikasiya kuyaka, ena amathamangira kuilumikiza molunjika ku kiyi kuti izingozungulira, mwinanso kuchotseratu themositati. Uku n'kubisa matenda. Mota imatha msanga, injini imachedwa kufunda ndipo imamwa mafuta ambiri, pomwe chimene chinawonongeka chikadali pomwepo.

Mwini galimoto wosamala ndalama amauza makaniko ayambire pa zotchipa: fyuzi, rileyi, sensa ndi mawaya. Mota ikazungulira poigunditsa mawaya ochokera ku batire, ndiye kuti ili bwino, palibe chogulira ina. Kilachi ya fani ya lole ikamadontha mafuta, kapena fani ikamapepuka kwambiri poizunguza ndi dzanja injini yotentha itazimitsidwa, kilachiyo yatha.

Kusintha fani yamagetsi kumachitika injini itazizira. Amayamba wachotsa waya wa negetivi pa batire, kenako pulagi ndi mabawuti a chimango, n'kuzula zonse pamodzi. Yakaleyo ipite nawo kusitolo kuti pulagi ndi mabowo zikafanane. Fani yogwirapo kale ntchito iyesedwe pa batire ndalama isanaperekedwe. Ikamangidwa, izikokera mphepo kuinjini. Mawaya akasemphana imakankhira mphepo kunja.

Injini ikawira kamodzi kokha imatha kupsereza gasiketi kapena kupinda hedi. Pamenepo galimoto imagona m'galaja masiku angapo, alimi n'kupereka mabelo awo kwa wonyamula wina. Nthawi yoyendera fani ndi mwezi wa Marichi, fodya akadali m'zigafa.