Du Chisiza Anatiphunzitsa Kulipira Pakhomo

Akamatchula Du Chisiza Jr., ambiri amathamangira ku unduna wa achinyamata, masewero ndi chikhalidwe umene anapatsidwa mu 1993, ulamuliro wa Kamuzu ukupumira m'mwamba. Ine za undunazo sizindikhudza. Chinali chovala chobwereka. Chondigwira mtima n'chakuti mwana wobadwa mu 1963, bambo ake atafa kale pangozi ya galimoto ku Thondwe, anakakamira kuti munthu angathe kudyera zisudzo m'Malawi muno. Mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata. Ankalemba yekha sewero, kuphunzitsa anzake, kenako n'kukwera nawo pasiteji, thukuta lili kamukamu. Pa French Cultural Centre mu Blantyre anthu ankandanda pamzere, ndalama ili m'manja, kuti aonere Papa's Empire kapena Democracy Boulevard. Chingerezi chake chinali cholemera, inde, moti enafe tinkaseka mochedwa, titaona anzathu ayamba. Komabe tinkabweranso. Du anamwalira mu 1999 asanakwanitse zaka 36, Gertrude Kamkwatira n'kutsala akukoka gululo. Aphunzitsi a m'masekondale, fukulani masewero a Du muwapatse ana ayesere. Iyenso anayambira pasukulu, pa HHI.