Musanagule RAM, yambani mwafunsa kompyuta yanu

Msuweni wanga ali ndi kashopu ku Mtendere komwe amataipila anthu ma CV ndi kufotokopa ma NRC. Mwezi watha kompyuta yake inayamba kucedwa maningi, makasitomala n'kumabwelela pakhomo. Wina anamuuza kuti, "Ikani cabe RAM ikulu." Anakwela basi kupita m'tauni, nagula 8GB pa shopu ina. Kufika kunyumba, kathabwa kaja kanakana kulowa. Atabwelela, wogulitsa ati, "Ba sister, munatsegula kale pepala." Ndalama ya lendi inathela pamenepo.

Ine ndikuti mlandu uli pawili. Wogula anapita osadziwa cimene afuna, ndipo wogulitsa analandila ndalama osafunsa kuti kompyutayo ndi yotani.

RAM ndi malo amene kompyuta imayalapo nchito yomwe ikugwila panthawiyo. Malaiti akapita, zonse zili pamenepo zimafufutika. Zithunzi ndi makalata anu zimasungidwa kwina, mu hard drive kapena SSD. RAM ikacepa, mapulogalamu amapanikizana ngati anthu pa Kulima Tower cakumadzulo.

Koma RAM ili ndi mitundu. Pali DDR3, DDR4 imene inafika mu 2014, ndi DDR5 ya makompyuta atsopano. Kamphako ka pansi pa kathabwa kali pamalo osiyana pa mtundu uliwonse, ndiye cifukwa cake sizilowana. DDR3 ya desktop ili ndi mano 240, DDR4 ili ndi 288. DDR5 nayo ili ndi 288, koma siingalowe pa malo a DDR4. Mukakakamiza, muthyola motherboard. Basi ya ku Matero, ngakhale ikhale yatsopano bwanji, siingakufikitseni ku Chilenje.

Manje mungadziwe bwanji? Zimitsani kompyuta, cotsani nthambo ya magetsi, mutsegule cibokosi ndi kuwelenga kapepala komatidwa pa RAM yakale. PC3 ndiye DDR3, PC4 ndiye DDR4. PC3L ndi DDR3 ya magetsi ocepa, 1.35V m'malo mwa 1.5V, ndipo makina ena amafuna yomweyo. Mukaona cilembo R kumapeto kwa nambala, monga PC3-10600R, iyo ndi ya ma server, pa desktop wamba siigwila. Tumathabwa tufupitufupi n'twa laptop. Ngati muopa kutsegula, pulogalamu yaulele ya CPU-Z idzakuuzani mtundu, ndipo Task Manager ionetsa malo angati ali kale ndi RAM.

Ukulu nawo uli ndi malile. Motherboard iliyonse ili ndi pomwe imalekezela, conco lembani dzina ndi nambala ya makina anu, kaya ndi Dell OptiPlex kapena HP, mufufuze pa intaneti. Windows ya 32-bit siiona zopitilila 4GB, olo muikemo 16. Windows 11 imafuna 4GB pang'ono penipeni, koma pa Word, Chrome ndi printer, 8GB ndiye mupuma bwino. Tumathabwa tuwili tofanana twa 4GB nthawi zambili tumathamanga kuposa kamodzi ka 8GB, cifukwa makina amatapa mbali ziwili nthawi imodzi.

Ena adzati wogulitsa si mphunzitsi, nchito yake ndi kugulitsa. Zoona. Koma wogulitsa ma spare a galimoto amayamba wafunsa kuti ndi Hiace kapena Rosa. N'cifukwa ciani wa makompyuta asafunse? Funso limodzi cabe likanapulumutsa ndalama ya msuweni wanga, ndipo iye akanabwelanso kudzagula inki ndi mapepala pa shopu yomweyo.

Conco mawa mukakwela basi yopita m'tauni, RAM yakale ikhale m'thumba, yokulunga bwino, kapena cithunzi cake pa foni. Ngati mungakwanitse, nyamulani cibokosi conse, aike, ayatse muli pomwepo. Pemphani lisiti yolembapo kuti mungabweze ngati yakana. Akakana kulemba, tulukani. Mashopu m'tauni ndi ambili.