Za M'nyumba Mwathu: Wochira Asathamangitsidwe

Inu atate ndi amai a ku Makwasa ndi a m'midzi yozungulira minda ya tiyi, mwezi uno tinena za iwo amene mliri unawasiya amoyo, koma osawabwezera mphamvu zao.

Nthenda ya Covid-19 inalowa m'Malawi mu April 2020, nikula koopsa mu January 2021. Ambiri anachira msanga. Koma ena anatsala akupuma wefuwefu pokwera chitunda, akuiwalaiwala, natopa ndi kantchito kochepa. Mu October 2021 bungwe la WHO linalongosola kuti zofooka zotere, zopezeka patapita miyezi 3 chiyambire kudwala, ndi kukhalitsa miyezi 2 kapena kuposa, ziri nthenda ndithu. Chifukwa chache munthu wotere tisamuyese waulesi iai, kapena kunena kuti walodzedwa.

Alipo akatswiri amene ntchito yao ndiyo kubwezera wodwala ku zochita zache za masiku onse. Ndipo mankhwala ao ndiwo ntchito yomweyo, yopimidwa monga mwa mphamvu zache. Tamvani tsono chimene aphunzitsa.

Wochira apumule asanatope, pakuti wodzikakamiza lero agona mawa ndi mkuja. Asankhe ntchito yofunika koposa, aigawe pang'onopang'ono, naichite nthawi imene thupi lapepuka. Amai aphike ndi kuchapa ali chikhalire, atunge madzi m'kandowa kakang'ono, ndipo mtondo ausiyire ana. Ziwiya zikhale pafupi, ndi utsi wa moto utuluke panja. Mpweya ukachepa, akhale pansi, atsamire m'tsogolo, akoke mpweya ndi mphuno, nautulutse mofatsa pa milomo yofupikizana.

Wothyola tiyi asafulumire kubereka dengu pamtunda tsiku lonse, ngakhale malipiro atsata kulemera kwa masamba. Apemphe kalata ya kuchipatala, napite nayo kwa kapitao, kuti ayambe ndi ntchito yopepuka ndi maola ochepa.

Koma chifuwa chikapitirira masabata 2, kapena pamtima pakapweteka, musazengereze: mukeni naye ku chipatala cha Malamulo kapena cha boma ku Thyolo, akamuyesenso TB. Mukafunsenso komweko za nyumba ya Kachere ku Blantyre, kumene ofooka ziwalo aphunzitsidwa kudzithandiza.

Abale athu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Banja limene lisenzako katundu wa wochira miyezi yowerengeka lidzamsunga zaka zambiri.