Alamu Yolila Pachabe Musaizimye, Ikonzeni

Kuyambila ku Chilenje mpaka ku Chalala, nyumba zambili mu Lusaka manje zili na kamela pa geti na alamu pa chipupa. Koma alamu ikalila usiku, ni angati amene amauka? Maneba amangotembenuka na kufunda bulangeti, chifukwa inalila dzulo, inalilanso dzana, ndipo panja panalibe munthu. Ikavuta sabata imodzi, mwini nyumba amaizimya.

Ife tikuti kuzimya alamu ni kupatsa kawalala kiyi. Alamu yolila pachabe ili na chifukwa chake, ndipo nthawi zambili tingachipeze tekha na makwelelo, kansalu kofewa na mphindi 20.

Choyamba tidziwe mmene kamela imadziwila kuti pali chayenda. Njila zake ni ziwili. Ina imayelekezela chithunzi na chinzake, ndipo chikasintha chabe, imatumiza uthenga. Mthunzi wa mtengo wa mango, zovala pa waya, malaiti a motoka yodutsa mumsewu, zonsezi kwa iyo ni munthu. Mankhwala ake ali mu app ya pa foni: chepetsani sensitivity, ndipo sankhani malo amene iziyang'anila, monga geti na khomo, msewu muusiye kunja.

Njila ina ni sensa ya PIR, kaja kapulasitiki koyela pansi pa lenzi. Iyi siiona chithunzi, imamva kusintha kwa kutentha. Galu, chona, kapena mpweya wotentha wochoka ku mbaula ungaiutse. Ikayang'ana kumene dzuwa limamenya, imanama kawilikawili. Siimva munthu amene ali kuseli kwa galasi, choncho kuiika mkati pa windo kuti ilonde panja ni kutaya ndalama. Malo ake ni mamita awili na pang'ono kuchoka pansi, pamene munthu adzadutsa mopingasa, chifukwa wobwela molunjika imachedwa kumumva.

Nyengo zathu nazonso zimaivutitsa. Mphepo ya mu Ogasiti imapaka fumbi pa galasi, ndipo usiku kuwala kwa infrared kumagunda fumbilo n'kubwelela mu lenzi, chithunzi n'kukhala ngati nkhungu. Mvula ikayamba, inswa na tuzilombo tina tumazungulila kamela, kangaude naye amamanga ulusi pamenepo, ulusi ukagwedezeka alamu yalila. Pukutani galasi, sesani ulusi, ndipo babu ya panja muitalikitse na kamela. Mu Okutobala vuto limatembenuka: chipupa chikatentha pafupifupi ngati thupi la munthu, PIR imavutika kusiyanitsa, imangokhala chete. Uku ndiye koopsa, chifukwa palibe chimene chikutichenjeza. Kamodzi pa mwezi, uzani maneba kuti mukuyesa, yatsani alamu, mudutse pa sensa iliyonse.

Nkhani yaikulu kwa ife ni malaiti. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, tinafika pokhala maola oposa 17 patsiku opanda malaiti. Mabokosi ambili a alamu ali na batili ya 12V 7Ah, imene ingakhale zaka zitatu mpaka zisanu ngati nthawi zambili ili yodzala. Ikamathelatu tsiku na tsiku, imafa m'miyezi chabe. Batili yofooka imachititsa alamu kuzima na kuyaka yokha, kapena kulila malaiti akangopita. Kamela ikamagwila bwino masana n'kumazima kukada, kayikilani adaputa kapena waya wautali woonda, chifukwa tumalaiti twa infrared tumakoka mphamvu yambili. Kuti muyese masana, phimbani kutsogolo kwa kamela na dzanja: pa kamela zambili mumamva ka "tiki" na kuona tumalaiti tofiila pang'ono. Ngati uthenga sufika pa foni, onani router. Nayo ifuna malaiti na bundle, ndipo kamela zambili zotchipa zimagwila Wi-Fi ya 2.4 GHz chabe.

Ena adzati iyi ni nchito ya amene anaika alamu. Pa zina akunena zoona. Waya wa 230V na mpanda wa magetsi si zoseweletsa, ndipo mukatsegula chivundikilo cha sensa alamu ili yoyatsa, idzalila. Koma kuitana munthu, kumulipila thilansipoti na kumuyembekezela masiku atatu kuti adzachotse ulusi wa kangaude, pamene geti ili yopanda mlonda, si nzelu. Ife amene timakhala pa foni tsiku lonse ndife oyenela kuthandiza makolo na ma landilodi pa izi. Walila mvula walila matope: amene wagula alamu wagulanso nchito yoisamala.

Alamu siigwila kawalala. Nchito yake ni kuitana anthu, ndipo anthu amabwela ngati akali kuikhulupilila. Ikalila pachabe katatu, kachinayi palibe amene adzasuzumila pa windo, ngakhale kawalala ali kale pa chipupa. Loweluka likubwelali, tibweleke makwelelo kwa neba, tikwele tione.